Mkamwini wa M'kalilole

Otsuta sankadana naye mnyamatayo. Zimenezi zimveke poyambirira, chifukwa anthu a ku Kanda, dera lawo mumzinda wa Edo, anadzakamba zambiri pambuyo pake. Tokujiro anali mwana wabwino. Sankaledzera, sankatchova njuga, ndipo migolo ya msuzi wa soya m'sitolo ya mayi ake ankaigubuduza yekha osadandaula. Okinu, mwana mmodzi yekhayo wa Otsuta, ankamukonda mosabisa, moti akangomva nsapato zake zamitengo zikugogoda pakhomo ankathira mchere kawiri m'ndiwo. Ankhoswe anali atayenda kale, mphatso zitaperekedwa, ukwati ukungodikira kuti chisanu chithe.

Vuto linali zovala.

Chaka chimenecho anyamata a mu Edo anagwidwa ndi matenda ovala haori yaitali. Munthu wanzeru zake haori amaivala pamwamba pa kimono, mkanjo womanga ndi lamba, n'kulekeza m'ntchafu, basi. Ya Tokujiro inkafika m'mapazi, yakuda bii, ndipo akamatsika pamlatho inkatsalira m'mbuyo n'kumatolera chilichonse chimene agalu ndi ogulitsa ndiwo asiya mumsewu. Kumutu nako kunali nkhani. Anameta mpaka kutsala katsitsi kochepa, kopaka mafuta onunkhira, komangidwa n'kugonekedwa paliwombo, kowonda ngati mchira wa mbewa. Nsidze anazula. Kaliwo wake wasiliva anali wotalika ngati mkono, chonsecho fodya sankamutha. Akakoka kamodzi ankatsokomola mpaka misozi.

"Bambo a Okinu," anatero Otsuta tsiku lina mnyamatayo atangochoka, "mwanayu tikum'pereka kwa munthu kapena kwa tsache?"

A Kanbei, mwamuna wake, ntchito yawo inali yogoba matabwa odindira zithunzi. Sanadzutse n'komwe mutu pathabwa.

"Msiyeni, zidzamutha. Inenso ndili mnyamata ndinali ndi lamba wofiira uja."

"Ndikumukumbuka. Ndinamutentha."

"Munandiuza kuti anabedwa."

"Anabedwa ndi moto."

Panyumbapo wojambula anali Otsuta, wogoba a Kanbei, kudinda ankathandizana. Zambiri zinali amphaka, nsomba ndi mabiringanya zomata pa zokupizira mphepo. Otsuta anali ndi kachitidwe kake: ankayamba wakopera chinthu ndendende monga diso lachionera, osafunsa mafunso, zokometsera n'kuwonjeza pambuyo.

Masiku amenewo masitolo akuluakulu a ku Nihonbashi anali atadzaza zithunzi zoseka anyamata odzikongoletsa. Otsuta anali ataona anthu ataunjikana pamenepo akuseka mogwirana mapewa. Anaonanso mnyamata wina atadzizindikira papepala, n'kukwinyira haori yake m'mwamba mwakachetechete, kukhotera m'kanjira. Anabwerera kunyumba ali ndi maganizo. Mkamwini sungamudzudzule pamaso, ndipo chovala cha mwana wa eni ake sungachidule. Koma manyazi pang'ono, opanda dzina, akanatha kumuchiza ukwati usanafike.

Mpata unapezeka masana ena Tokujiro atabwera ndi timikate ta nyemba zotsekemera. Anaima pakhonde akucheza ndi Okinu, akutembenuka uku ndi uku kuti nsalu yam'kati mwa haori ionekere. Mpongozi wolongosoka sangakhale pansi n'kumayang'anitsitsa mkamwini ngati nsomba ya pamsika. Koma m'chipindamo munali kalilole amene mayi Oritsu, amake a Tokujiro, anatumiza ngati mphatso ya mkwatibwi: wamkuwa, wozungulira, wamkulu ngati lichero laling'ono, chogwirira chake chokulungidwa ndi chingwe chofiira. Otsuta anamuimika pakona, anafulatira khonde, anayala pepala pamiyendo.

"Chezani, ana inu," anatero. "Ine ndikuzula imvi."

Mnyamata yense anakwana m'kalilolemo, kuyambira kamchira mpaka nsapato. Tiyi asanazizire, Otsuta anali atamaliza. Kenako anakometsera. Haori anaitalikitsa mpaka kupindira mmwamba ngati mchira wa galu, ndipo pamenepo anakhazikapo mphaka, masamba a ndiwo ndi nsapato imodzi ya munthu wosadziwika. Paphewa anaikapo mbewa itanyamula mchira wake, ikuuyerekeza ndi tsitsi la mnyamatayo, nkhope ili yodandaula kuti yagonja. Pamwamba penipeni analemba kuti, "Wosesa misewu wa ku Kanda." Dzina sanalembe. Koma makutu a Tokujiro, otambalala ngati zogwirira za mphika, dzanja linawakopera lokha.

A Kanbei anaseka mpaka kupukuta m'maso. Anamata pepalalo chafufumimba pathabwa, monga zimachitikira, n'kugoba. Zithunzizo zinayenda kuposa amphaka onse amene Otsuta anajambulapo. Wogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, anagula, wometa anthu anamata pakhoma, m'nyumba yosambiramo ya m'deralo anamata pakhomo penipeni. Okinu yekha ndiye sanaseke. Anangoyang'ana makutuwo, n'kuyang'ana amake, n'kupita kukatsuka mpunga.

Mmawa wina kunabwera a Jinpachi, ankhoswe. Bamboyu ankapanga migolo, ya msuzi wa soya yomwe ndi yoikira maliro yomwe, ndipo ankati kusiyana kwake ndi chivundikiro chokha.

"Zikomo kuno."

"Lowani, ankhoswe. Okinu, tiyi."

A Jinpachi anakhala pansi, anatulutsa chithunzi pachifuwa n'kuchiyala pamphasa.

"Ndabwera kudzatenga muyezo," anatero.

"Muyezo wa chiyani?"

"Wa mgolo. Anthu akundifunsa kuti mkamwini wanu tiika liti. Ine mwini ntchito sindikudziwa kanthu, manyazi akundigwira."

Anaika chala chake chokhakhala pachifuwa cha mnyamata wa pachithunziyo, pamene mbali ziwiri za kimono zimapingasana.

Otsuta anayang'ana pamene panali chalacho. Mwana aliyense amadziwa kuti wamoyo amavala mbali yakumanzere pamwamba, kuti dzanja lamanja lizilowa pachifuwa. Mbali yakumanja imapita pamwamba kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo umavekedwa ndi anthu ena. Tokujiro wa pachithunziyo, ndi mbewa yake ndi mphaka wake, anali atavala ngati maliro.

"Sizingatheke," anatero Otsuta. "Ine ndimajambula zimene ndaona. Ndiye kuti anabwera atavala choncho."

"Munamuonera kuti, amayi?" anafunsa Okinu ali pakhomo ndi tiyi m'manja.

Okinu anaika tiyi pansi n'kudziyankha yekha.

"M'kalilole wanga. Ndinakuonani. Imvi zake ziti zozula ndi burashi? Inu simunajambule munthu, munajambula kalilole."

Onse anatembenukira kwa a Kanbei.

"Musandiyang'ane ine," anatero iwo. "Pepala ndimamata chafufumimba. Pathabwa anali atavala bwinobwino ngati munthu wopita kukachisi. Podinda paja nanunso munalipo, maso ali pa mbewa."

A Jinpachi anamwa tiyi, kenako anafotokoza zotsala. Dzulo lake agogo ena osaona bwino anafika kusitolo ya mayi Oritsu ndi lubani m'manja kudzapepesa. Ana a mumsewu akamuona Tokujiro ankaphatikiza manja n'kuwerama. Ena anasiya kugula msuzi, ati nyumba ya maliro siigulidwa chakudya. Mayi Oritsu anatseka sitolo masana dzuwa likuswa mtengo.

"Ndipo musaiwale," anatero a Jinpachi, mawu atatsika, "kuti mkulu wake wa Tokujiro atamwalira anamuveka okha mayi aja. Mgolo wake ndinapanga ndine. Ndiye atuma mawu. Akuti kalilole abwezedwe mawa dzuwa lisanalowe, ndipo nkhani ya ukwati ithere pomwepo. Nyumba imene yaveka mwana wawo zamaliro asanalowemo n'komwe, iwo sangaipatse mwana."

Ankhoswe anachoka. Okinu sanalire. Bwenzi zili bwino akanalira. Anatenga nsalu yokulungira, anaipinda mosamala, anaiika pafupi ndi kalilole.

"Ndinkafuna kumuchiza," anatero Otsuta.

"Ndinakupemphani?"

"Munthu akuyenda ngati tsache, iwe ukuti..."

"Tsache lake ndi langa. Ndinamufuna ali choncho. Akaseka amagwira pakamwa ngati mwana, akamanyamula mgolo amaimba, ndipo sanandilankhulepo mawu oipa. Haori ndikanaithana nayo ndekha, mwakachetechete, monga munachitira ndi lamba wa abambo."

"Nawenso ukudziwa za lamba?" anafunsa a Kanbei.

Okinu anatuluka kukatunga madzi, ngakhale mitsuko yonse inali yodzaza.

A Kanbei anatenga thabwa lija n'kuliyang'ana. "Ndikhoza kudula pachifuwapa, n'kukhomerapo kamtengo katsopano, ndigobe bwino. Sizivuta."

"Nanga zimene zili m'nyumba za anthu? Mukazikhomera kamtengo pakhoma pomwepo?"

"Tikazipemphe."

"Wometa uja angabweze? Anthu akukameta kawiri kuti akachione."

Otsuta sankakonda kukhala pansi n'kumadandaula. Chalakwika chalakwika, chofunika n'kudziwa pogwira. Koma ulendo uno pogwira sipankaoneka. Anagwada kuti akulunge kalilole, ndipo pofuna kuti mkuwa usakalike anatenga pepala lomwe linali pafupi n'kuliyala pamwamba. Linali chithunzi chimene a Jinpachi anasiya. Atachisalaza ndi chikhatho, mkombero wa kalilole unadinda mzere wozungulira papepalapo. Tokujiro yense anali m'kati mwa mzerewo: kamchira, mphaka, haori yopindika ija, zonse. Mawu okha ndiwo anatsala kunja, pamwamba. Sizinali zodabwitsa. Mmene anamuonera ndi mmene anamujambulira, mozungulira.

Anadzutsa mutu.

"Bambo a Okinu, muli ndi thabwa losagoba?"

"Lilipo. Lachiyani?"

"Pachifuwa musakhudzepo. Mundigobere mkombero uwu, ndi chogwirira ichi, chingwe chake chomwe. Lidinde pamwamba pa zithunzi zakale."

A Kanbei anasuzumira. Anali munthu wochedwa kulankhula koma wosachedwa kumva.

"Munthu wa m'kalilole," anatero pang'onopang'ono, "amavala chotembenuza."

"Aliyense. Inu, ine, wansembe yemwe."

Tsiku lotsatira masana Otsuta anavala kimono yake yabwino, anayang'ana pachifuwa kawiri, ananyamula kalilole wokulungidwa kumsana ndipo thabwa latsopano, inki ndi chotikitira anaziika m'kabokosi. Okinu anamuperekeza mpaka pakhomo.

"Musakakangane nawo, amayi."

"Ine ndimakangana ndi anthu?"

Okinu anangotseka chitseko.

Sitolo ya mayi Oritsu inali yotseka mbali imodzi. M'kati munkanunkha soya ndi matabwa onyowa. Mayiwo anali atakhala kumbuyo kwa migolo, wamng'ono thupi, wowongoka msana ngati nsungwi. A Jinpachi anali pambali, ndipo Tokujiro anali pakona atakumbatira haori yake pamiyendo. Chithunzi chija chinali pamphasa, chafufumimba.

Otsuta anagwada, anaika manja pansi, anawerama mpaka chipumi kukhudza mphasa. Mawondo ake anali asanachitepo zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo mawondowo analira mokweza.

"Asewere," anatero, "ndalakwa."

"Mawu amenewo a usewere muwasunge kaye," anayankha mayi Oritsu. "Kalilole mwabwera naye?"

"Ndabwera naye."

"Musiyeni apo. Zikomo poyenda."

"Ndimusiya. Koma mundilole ndinene mmene zinachitikira, kenako mundithamangitse bwino."

Mayi Oritsu anatembenuza chithunzicho ndi chala chimodzi.

"Mukudziwa chimene ndinaona apa? Anthu akuona mbewa. Ine ndinaona manja angawa akukoka nsalu pachifuwa cha mkulu wake, mbali yakumanja pamwamba. Manja ankakana, chifukwa moyo wonse anazolowera kumuveka njira inayo. Ndatsala ndi mmodzi. Wopusa, inde, koma mmodzi."

"Amayi," anatero Tokujiro.

"Khala chete, ndikukuyamikira."

Zimene Otsuta anakonza kunena panjira zinaoneka zopepuka.

"Mwana wanu sindinamufunire choipa ngakhale kamodzi," anatero. "Ndinkafuna achite manyazi adule chovalacho, basi. Kumuyang'ana m'maso sindikanatha, ndiye ndinamubera m'kalilole wanu yemweyu, ngati wakuba. Dzanja linakopera zimene linaona, mutu uli ku mbewa. Ndi uchitsiru wanga, si temberero. Tokujiro, mwanawe, taima apa."

Anamasula nsalu, anatsamiritsa kalilole pamgolo. Tokujiro anaimirira, ndipo asanauzidwe n'komwe anali atayamba kale kukonza kamchira kake.

"Taonani pachifuwa pake m'kalilolemo," anatero Otsuta.

Mayi Oritsu anasendera. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana m'kalilole, anayang'ana pepala. Kenako anadziona okha kumbuyo kwake, nawonso atavala chotembenuza, ndipo dzanja linathamangira pachifuwa.

"Chabwino," anatero. "Ndamva mmene zinachitikira. Koma anthu a m'nyumba yosambiramo alibe kalilole wanga. Iwo akuona maliro pakhoma."

"N'chifukwa chake ndabwera ndi ichi. Ndibwerekeni chithunzi chanucho."

Otsuta anatsegula kabokosi, anapaka inki pathabwa, anagoneka pepala mosamala pa zizindikiro za m'mphepete, n'kutikita kumsana kwake. Atalisenda analiika pamphasa, anatenga kaburashi, anadontheza zofiira pachingwe cha chogwirira.

Onse anawerama. Sanalinso munthu woima mumsewu atavala zamaliro. Anali mnyamata wodziyang'ana m'kalilole wamkulu, wokhutira ndi zimene akuona, osadziwa kuti kumbuyo wanyamula mphaka.

A Jinpachi anayamba kuseka, anakumbukira udindo wawo, anasandutsa chifuwa.

"Ameneyu ndi kalilole wanga," anatero mayi Oritsu. "Chingwe ichi ndinakulunga ndekha."

"Ndi yemweyo."

"Ndiye tsopano Edo yense adziwe kuti mwana wanga ndi chitsiru chokhala m'kalilole?"

"Chitsiru chamoyo," anatero Otsuta. "Ndipo zimenezo, pepani, ankazidziwa kale."

A Jinpachi anatseka maso. Anali atayendetsa maukwati ambiri, ndipo ankadziwa mawu amene amaswa mgolo. Koma mayi Oritsu anali akuyang'ana mbewa ija. Kwa nthawi yoyamba ankaiona bwinobwino, ndi kankhope kake kogonja. Milomo yawo inanjenjemera. Anaiphimba ndi mkono wa kimono, mapewa akugwedezeka.

"Mukudziwa amene amachapa matope a m'munsi mwa chinthu chimenechi?" anatero atapeza mpweya. "Tsiku lina ndinapezamo mutu wa nsomba. Mutu wathunthu, ndi maso omwe."

"Unakodwa wokha, amayi."

"Ndati khala chete."

Tokujiro anakhala chete pang'ono, koma nkhani inali ikumuvuta.

"Apongozi," anatero mwaulemu, "ine ndili ndi dandaulo limodzi lokha."

"Nena, mwanawe. Uli ndi ufulu."

"Pachithunzipa zingwe za haori mwazimanga mfundo ya chaka chatha. Anzanga akundiseka kwambiri. Za maliro zija sakuzilabadira, ena akuti n'zapamwamba. Koma mfundoyo yandichotsa ulemu."

Amayi awiriwo anayang'anana. M'kuyang'anana kumeneko munatha zambiri zimene ankhoswe akanayendera mwezi wathunthu.

"Okinu akudziwa chimene akutenga?" anafunsa mayi Oritsu.

"Akuti tsache lake ndi lake."

"Mwana wolimba mtima." Anawongola msana, nkhope inabwerera ya wamalonda. "Mverani tsono. Zithunzi zonse zimene zili kunjaku zilowe m'kalilole. Zonse. Chimodzi chikatsala pakhoma la munthu chili chamaliro, ukwati kulibe."

"Ndiyenda khomo ndi khomo."

"Ndi mawondo amenewo? Ndawamva. Mukhala pakhomo pa sitolo yanga ndi thabwa lanulo, anthu azibwera nazo okha. Aone kuti nyumba ziwirizi sizinadane, aonenso kuti womwalirayo akugubuduza migolo. A Jinpachi, inu mukalengeze kometera ndi kosambira kuti amene akusunga chithunzi cha maliro m'nyumba, zake zimenezo."

"Ndikanena ine adzathamanga," anatero a Jinpachi. "Anthu sakonda ndikamawayang'ana kutalika."

Anathamangadi. Mmawa mwake Otsuta anayala mphasa pakhomo pa sitolo, Okinu ali pambali ndi kaburashi kofiira, ndipo anthu anandanda ndi mapepala awo m'manja. Wogulitsa tofu anabwera, wa nyumba yosambiramo anabwera ndi chake chonyowa m'makona. Wometa anayamba wakana, ati chake n'chosowa tsopano, mtengo wake ukwera. A Jinpachi anapita kukameta, ndipo ali pampando anamufunsa mwaubwenzi ngati amakonda matabwa a mkungudza kapena wamba. Chithunzicho chinafika tsiku lomwelo.

Agogo a lubani aja anabweranso. Ataona Tokujiro akutuluka ndi mgolo anamugwira mkono, anautsina, n'kunena kuti wachira msanga. Aliyense wobwera kudzadinditsa ankachita manyazi kuchoka chimanjamanja, choncho ankagulako msuzi. Mayi Oritsu ankathira m'mabotolo nkhope ili gwa, ngati sanaganizepo zimenezo.

Chithunzi chomaliza chitalowa m'kalilole, mayiwo anatuluka ndi tiyi ndi timikate, anakhala pamphasa pafupi ndi Otsuta.

"Imwani, asewere," anatero. "Kalilole uja mubwerere naye. Wandidzazira malo."

Okinu anawerama kwambiri pa kaburashi kake, ngakhale panalibenso chopaka.

Ukwati unachitika mitengo itayamba maluwa. Tsiku limenelo Tokujiro anavala monga mwa mwambo, chifukwa amayi awiri anamuyendera mozungulira asanatuluke, aliyense akukoka pachifuwa kuti atsimikize. Otsuta anabwerera kunyumba wokhutira. Anauza a Kanbei kuti njira inali yokhota, koma mankhwala agwira.

Patapita masiku angapo anamva nsapato zamitengo pakhomo. Anatsegula. Okinu anali kutsogolo, wonenepa masaya, akuoneka kuti akudziletsa kuseka. Kumbuyo kwake kunali Tokujiro. Haori yaitali ija kunalibe. Imene anavala inkalekeza m'nthiti, ngati wabwereka ya mwana, manja ake otambalala ngati matanga a bwato, zingwe zikulendewera mpaka m'mawondo.

"Yatani haori?" anafunsa Otsuta. "Yaphwa?"

"Yaitali ija yatha ntchito, apongozi. Chitulukireni chithunzi chanu aliyense akuvala, ngakhale wogulitsa nsomba. Munthu sungaoneke. Panopa ndi iyi."

"Nsalu yotsalayo ndasokera mapilo awiri," anatero Okinu. "Ndi chophimba mgolo."

Otsuta anamva zala zake zikuyabwa. A Kanbei anaona, ndipo anayamba kukankhira inki kumbuyo kwawo ndi phazi.

"Musavutike, apongozi," Tokujiro anauza a Kanbei. "Amayi ndiwo andituma. Akuti msuzi wayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndiye ngati pali chithunzi china, choyamba kudindidwa chikhale chawo." Anakhosomola. "Koma makutu muwachepetseko."

"Makutu ndi ako, sindinakupatse ndine," anatero Otsuta. "Bweretsani inkiyo, bambo a Okinu. Iwe khala apa, powala. Ayi, osati chammbali. Undiyang'ane."

Tokujiro anakhala moyang'anana ndi apongozi ake, anatulutsa kaliwo, anakweza chibwano. Otsuta anamuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mopanda manyazi, ngati nsomba ya pamsika. Kenako ananyika burashi n'kuyambira pachifuwa.